Ba Makhadi ndi Nambala ya Anthu Awiri

Lachitatu lapitali chakwana chaka chiwaikire m'manda Mayi Esinati Daka, amene dera lonse lino linkawatchula kuti ba Makhadi. Panalibe mwambo uliwonse, ndipo ngakhale ine tsikulo likanandidutsa pakanapanda bambo ena okalamba amene anafika pa zenera la kachipatala kathu m'mawa, mvula ikuwaza. Anavula chipewa n'kuchikutumula, ndipo m'malo motchula dzina anangoti, "Ndine K/7/1." Atatero anaima n'kumadikira. Ndinadziwa chimene ankadikira. Kale akatchula nambala imeneyo, m'katimo munkachokera mawu ofunsa za bondo lawo, za akazi awo, ndi chifukwa chimene sanabwerere kudzatenga mankhwala mwezi watha. Ine ndinangoilemba nambalayo m'kompyuta, n'kuwapatsa kapepala kolowa nako kwa anesi. Anandiyang'ana ngati ndawamana moni, ndipo sanalakwe.

Anthu amene anawadziwa ba Makhadi m'zaka zawo zomaliza amati anali mayi wofatsa, wosalankhulalankhula. Ndikamva zimenezo ndimaseka ndekha, koma kuseka kwake kowawa. Munthu amene ine ndinamupeza pa zenera lija sanali wofatsa ngakhale pang'ono. Pakamwa pawo panali pakuthwa, ndipo akapsa mtima ankamveka mpaka pa mjigo. Chimene chinawafatsitsa ndikuchidziwa, chifukwa ndinali pomwepo, ndipo dzanja langa lilimo.

Anabwera kuno ndi amuna awo kuchokera cha ku Katete, nthawi imene mabanja ambiri akum'mawa ankasamukira kuno kufuna minda. Amuna awo sanakhalitse, anamwalira chimanga chachiwiri chisanache. Mayiwo anapeza ntchito yosesa pa kachipatala kathu, kamene kali m'mapiri, ulendo wa maola angapo panjinga kuchokera ku Mpanshya. Sukulu sanapite nayo patali. Koma posesa ankatola makhadi a odwala amene kalaliki wa nthawiyo ankangowataya paliponse, n'kumawasanja. Kalalikiyo atachoka, panapezeka kuti amene akudziwa pamene pali khadi la munthu aliyense ndi wosesa. Tsache analipereka kwa wina, iwo n'kukhala pa mpando wa pa zenera, ndipo anakhalapo zaka zoposa makumi atatu.

Manambala a makhadi anawapanga okha. Chilembo choyamba chinkaimira mudzi, nambala yapakati inkaimira nyumba, yomaliza inkaimira munthu m'nyumbamo: bambo woyamba, mayi wachiwiri, ana motsatana kubadwa. Ankati mayina ndi abodza, chifukwa mudzi uliwonse uli ndi a Mary Phiri anayi, koma nambala sinama. Manambala onsewo anali m'mutu mwawo. Kumsika, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, moni wawo unali wa nambala, ndipo anthu sankakwiya, ankanyadira. Mwana wobadwa kumene ankalandira nambala kwa ba Makhadi asanabatizidwe.

Mayiwo ankavala juzi yofiirira ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'thumba lina la juziyo munkakhala nsawawa zokazinga, m'thumba lina kabotolo ka fodya wam'mphuno, ndipo makhadi akale onse ali ndi timadontho ta mafuta a nsawawazo. M'khosi munkalendewera korona ndi kiyi wa kabati yachitsulo yosungiramo makhadi, pa chingwe chimodzi. Kiyi ameneyo sankamubwereketsa munthu, kaya nesi, kaya mkulu wa chipatala. Ankati manesi ndi mbalame za m'mapira, zimadya n'kuuluka, koma odwala ndi ake a amene amatsala. Ankatinso chipatala si mankhwala, chifukwa mankhwala amatha mwezi uliwonse, chipatala ndi kukumbukira.

Mikangano yawo ndingaiwerenge mpaka mawa. Nesi wina wachinyamata analowetsa khadi la mudzi wa K m'gulu la mudzi wa M, ndipo ba Makhadi sanamulankhule kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Akafuna kumuuza kanthu ankauza khoma, nesiyo ali pomwepo. Mayi wina anabweza khadi la mwana wake likununkha kapenta, atakulungirapo ndiwo kumsika. Anamuimika padzuwa, n'kumuuza pamaso pa mzere wonse kuti ngati khadi la mwana ndi lokulungira kapenta, tsiku lina abwere ndi kapentayo adzamubayitse katemera. Koma mayi yemweyo, mwana wake atakomoka ndi malungo, ndi ba Makhadi amene anamubereka mwanayo kumsana kuchokera pa mjigo, akuthamanga ndi juzi yawo ija.

Zolembera anali nazo ziwiri. Chobiriwira chinkagwira ntchito tsiku lililonse. Chofiira chinkakhala m'kachitini pamwamba pa kabati, ndipo chinkatuluka pa ntchito imodzi yokha, imene ndiifotokoza posachedwa.

Ine ndinafika pamenepo nditaphunzirako za makompyuta ku Lusaka. Oyang'anira kachipatalako anali atalandira kompyuta imodzi ndi magetsi a dzuwa, ndipo anandipatsa ntchito yosamutsira makhadi onse m'makinamo. Ntchitoyo imayamba ndi kukonza tebulo. Mzere uliwonse wopingasa ndi munthu mmodzi, ndipo madanga otsika, amene timawatcha makolamu, ndi a dzina, mudzi, matenda, mankhwala amene munthuyo samuyanja, ndi zina zotero. Pa makolamu onsewo pamafunika imodzi yokhala mutu, imene kompyuta imazindikira nayo kuti uyu ndi uyu, si uja. Ndinakonza monga anatiphunzitsira. Kolamu yoyamba inali ya nambala imene kompyuta imapereka yokha, yosalembedwa ndi dzanja la munthu, yosabwerezedwa, yosasintha. Nambala ya ba Makhadi ndinaiika m'kolamu yachiwiri, yothandiza pofufuza. Ndinawaitana kuti adzaone, ndili ndi chimwemwe cha munthu amene waphika bwino.

Anawerama, n'kuyang'anitsitsa galasi la kompyutayo nthawi yaitali.

"Iwe mwana wa Tembo," anatero, poti dzina langa sankalitchula, "iyi 482 ni ndani?"

"Ni ba Zulu, amayi. Nambala yanu ili apa pambali, K/7/1."

"Pambali. Manje iyi 482 ikamba chani? Mudzi uti? Nyumba iti?"

"Sikamba kanthu, amayi. Ndiye ubwino wake. Munthu akasamuka mudzi, kapena akakwatiwa nyumba ina, nambala ikhala imodzimodzi."

"Nambala yosakamba kanthu ni ya matumba a chimanga. Anthu anga si matumba. Ba Zulu azayenda makilomita onse aja kuti abwere akambe ati ndine 482? Chotsa."

Ndinayesa kufotokoza kuti nambala yolembedwa ndi munthu imalakwika, imabwerezedwa, ndipo kompyuta siidziwa kufunsa. Apo ndiye ndinaputa mavu. Anandifunsa kuti ndinabadwa liti, n'kundiuza nambala yanga ndi ya amayi anga, ndi matenda amene ndinadwala ndili wakhanda. Kenako anakhoma kabati, kiyi n'kumubwezera m'khosi. Masiku atatu ndinakhala ndi kompyuta yopanda kanthu, khadi ngakhale limodzi osaligwira. Tsiku lachinayi mkulu wa chipatala anandiitana pambali n'kundipempha kuti ndingochita zimene mayiwo akufuna, tikhale pamtendere. Ndinali nditatopa, ndiponso ndinkawaopa. Ndinafufuta kolamu ya kompyuta ija ndi chala changa, nambala ya ba Makhadi n'kukhala mutu. Ndinauza makinawo kuti nambala imeneyo isakhale yopanda kanthu ndipo isapezeke kawiri. Madzulo ake anandipatsa nsawawa zodzaza dzanja.

Sabata isanathe, kompyuta inayamba kukana makhadi ena.

Kuno munthu akamwalira, dzina lake silipita naye kumanda. Maliro akatha abale amakhala pansi n'kusankha wolowa dzina, ndipo kuyambira tsiku limenelo wosankhidwayo amatchedwa dzina la malemu. Ana a malemu amamutcha mayi kapena bambo, ndipo dzina lake lakale limazilala. Ba Makhadi ankachita ndi makhadi monga mudzi umachitira ndi anthu. Wolowa dzina akabwera, ankatsitsa cholembera chofiira chija, n'kulemba mzere wopingasa pakati pa khadi la malemu, n'kupitiriza pansi pake. Dzina lomwelo, nambala yomweyo. Pamwamba pa mzere panali wakufa, pansi pake wamoyo, ndipo amene ankadziwa kusiyanitsa anali iwo okha.

Kompyuta mzere wofiira siiudziwa. Ndikalowetsa wa pamwamba, inkalandira. Ndikafuna kulowetsa wa pansi, inkati nambalayi ili kale ndi mwini wake. Ndinapita nalo kwa iwo khadi loyamba lotero, M/12/2, dzina lake Belita.

"Amayi, apa pali anthu awiri. Makina akana."

"Ni munthu mmodzi. Mudzi wonse uziba kuti Belita aliko, aphikira ana ake. Iwe na makina ako ndimwe mufuna kumupha kawiri."

"Nanga zolembedwa pansi pa mzere tiziika kuti?"

"Ine niliko. Ukafuna kuziba, unifunse ine."

Ndinalitenga khadilo n'kuliponya m'katoni ya sopo, zapansi pa mzere osaziwerenga n'komwe. Makhadi ena otero anatsatira mpaka katoniyo inadzaza, ndipo ndinaiika m'kabati muja ndikudziuza kuti ndidzaikonza ndikapeza mpata. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa anagonera chaka chathunthu, koma sanakome.

Belita woyamba anali mkazi wa ba Labani, mlimi amenenso ankapita kukapha nsomba kuchigwa nthawi yachilimwe. Anamwalira pobereka, n'kusiya ana atatu. Kwawo kunali ku Shikabeta, ndipo abale anatumiza mng'ono wake, wosiyana naye zaka zochepa, kuti adzalowe dzina, nyumba ndi ana. Kuno sitinamudziwe ndi dzina lina. Anafika ali kale Belita, mtsikana wamanyazi amene ankaseka ataphimba pakamwa, ndipo ana aja anawalera ngati anawabereka yekha. Chaka chake choyamba anadzitema ndi khasu, bala n'kutukusira, ndipo anamubaya jakisoni wa penisilini. Nkhope inatupa, mpweya unabanika, anapulumukira pakamwa pa imfa. Ba Labani nthawiyo anali ku nsomba, ndipo atabwerera nkhaniyo inali itazizira. Ba Makhadi analemba pansi pa mzere wofiira, m'zilembo zikuluzikulu, kuti munthuyu asabayidwenso penisilini. Belita mwini wake dzina la mankhwalawo sanalisunge. Ankangodziwa zimene dera lonse linkadziwa, kuti ba Makhadi adziwa.

Mwezi wa Juni, kukuzizira, mchimwene wa ba Makhadi anamwalira ku Katete. Kanali koyamba kuti mayiwo achoke pa zenera masiku oposa awiri. Anakwera minibasi ndi juzi yawo, korona ndi kiyi zili m'khosi monga mwa nthawi zonse, ndipo palibe anaganiza zowapempha kiyiyo, chifukwa zonse tinkati zili m'kompyuta.

Tsiku lachiwiri chichokereni iwo, cha m'ma teni koloko, ba Labani anafika ndi ngolo, Belita atagona m'katimo. Thupi linali moto, chifuwa chikulira, ndipo zimene ankalankhula sizinkamveka. Amene ankaona odwala sabata imeneyo anali dokotala wogwirizira, mlendo kuno, munthu wosamala ndithu. Anamupima, n'kufunsa ba Labani ngati mkazi wawo anavutikapo ndi jakisoni.

"Siniziba bwino, ba dokota," anatero ba Labani. "Onani m'makina. Ba Makhadi analemba zonse."

Dokotalayo anandifunsa kudzera pakhomo, ndipo ine ndinalemba M/12/2. Panatuluka Belita, zaka zake zoyandikira za munthu amene anali m'ngolo. Ndinawerenga mokweza, ndipo mawu anga ndimawamvabe mpaka lero. Ndinati mankhwala oletsedwa palibe, penisilini anabayidwapo katatu popanda vuto. Zonsezo zinali zoona, koma zinali za mkazi amene anali m'manda zaka zisanu.

Anamubaya penisiliniyo, ndipo sipanapite mphindi zambiri. Ndinamva nesi akukuwa, mpando ukugwa, kenako ba Labani akuitana dzina la mkazi wawo. Pomwepo ndi pamene katoni ya sopo inabwera m'mutu mwanga. Ndinathamangira ku kabati n'kuyamba kuigwedeza ngati wamisala, koma inali yokhoma. Dokotala anayesetsa ndi zonse zimene zinalipo. Anamukwezanso m'ngolo kuti akapeze galimoto ku msewu waukulu, koma Belita anatsirizika asanawoloke kamtsinje koyamba. Ana atatu aja anaika mayi wawo kachiwiri.

Ba Makhadi anabwerera patapita masiku anayi, maliro ataikidwa kale. Nkhaniyo inawapeza panjira, kwa amayi ogulitsa tomato pamene minibasi imatsitsira. Sanapite kunyumba. Anafika pa chipatala ndi kamtolo kawo kumutu, fumbi mpaka m'mawondo, ndipo sanapereke moni kwa aliyense. Anatsegula kabati, anatulutsa katoni, anafufuza mpaka analipeza khadilo. Analiwerenga ataimirira, ngati zilembozo analemba ndi munthu wina. Kenako anakhala pansi, pa simenti, osati pa mpando wawo.

Ndinagwada pafupi, ndikulira, n'kunena kuti wolakwa ndine, chifukwa ndine ndinawerenga. Ndinkayembekeza kuti anditonthoza kapena andikalipira. Anachita china.

"Mzere ninalemba ndine. Kiyi ninapita naye ndine. Uyo ni mlandu wanga, nizapita nawo kumanda," anatero. Atapuma pang'ono anandiyang'ana m'maso. "Koma iwe unaziba. Ine sininazibe kuti makina safunsa, iwe unaziba. Unanilekelela chifukwa chani? Chifukwa cha nsawawa?"

 Anthu ena anandiuza kuti mayiwo anandilankhula mwankhanza. Ine ndimati ndi munthu yekhayo amene anandiuza zoona sabata imeneyo.

M'mawa mwake ndinapeza kiyi atapachikidwa pa msomali pafupi ndi kabati, chingwe atachidula. Iwo anali atakhala kale pambali pa kompyuta, malo amene kale ankawadutsa ngati pali chimbudzi.

"Bweza nambala yako ija yosakamba," anatero.

Tinalikonzanso tebulo lonse, iwo akuloza ndi chala, ine ndikulemba. Kolamu yoyamba inakhala ya nambala ya kompyuta, ndipo anandifunsa katatu ngati n'zoona kuti mwini wake akafa nambalayo sipatsidwa wina. Kolamu yachiwiri inakhala ya nambala yawo, poti anthu ndi imene ankaidziwa pakamwa, koma tsopano tinailola kukhala yopanda kanthu, tinailolanso kupezeka kawiri. Munthu akatchula nambala ya anthu awiri, kompyuta imaonetsa onse awiri n'kudikira kuti usankhe. Kolamu yachitatu sinali m'maphunziro anga, anaiganiza okha. Anati payenera kukhala danga la dzina lobadwa nalo, limene munthu anali nalo asanalowe la wina. Cholembera chofiira anachibwezera m'kachitini, ndipo sindinachionenso m'manja mwawo.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankatenga makhadi angapo a m'katoni n'kuyenda nawo m'midzi, wapansi, miyendo itayamba kale kutupa. Ankakhala pa khonde la munthu n'kufunsa kuti musanakhale uje munali yani. Ena ankaseka, ena ankakwiya, ena ankalira potchula dzina limene sanalimve zaka makumi awiri. Moni wa manambala anausiya. Akakumana ndi munthu ankamutchula dzina, mwaulemu, ngati mlendo, ndipo anthu ambiri ankadandaula kuti ba Makhadi awataya. Kukalipa kunatha. Nesi wina anasokoneza makhadi a mudzi wonse, iwo anangowasanjanso osanena kanthu, ndipo ine ndinalakalaka akanakuwa.

M'zaka zitatu katoni inatha, kupatula khadi limodzi. Belita wachiwiri tinamupatsa mzere wakewake ndi nambala yakeyake, ngakhale anali atafa, chifukwa iwo anaumirira kuti munthu amene sanakhale ndi khadi lake ali moyo asamanidwenso ali m'manda. Koma danga la dzina lobadwa nalo linali lopanda kanthu. Mayi amene ankadziwa tsiku limene mwana aliyense wa dera lino anamera dzino sankadziwa dzina la mtsikana ameneyu, chifukwa tsiku limene anabwera koyamba sanamufunse. Anangotsitsa cholembera chofiira.

Chitupa cha boma mtsikanayo analibe, ndipo mpingo wa kwawo sunkasunga mabuku. Anthu am'mudzi ankangoponya mayina mongoganizira. Ena ankati Ireni, ena Enelesi, wina anati mwina Ndaona. Ba Makhadi ankati zongomva salemba, zongomva zinapha kale munthu. Anapita mpaka ku Shikabeta, theka la njira atakwezedwa panjinga, theka wapansi. Mayi ake a malemu sanatuluke m'nyumba. Mlongo wa malemuyo anaima pakhomo n'kuwauza kuti Belita anamuika kawiri, china chimene achipatala akufuna n'chiyani. Anabwerera opanda dzina, ndipo anagona sabata yathunthu ndi miyendo.

Anatsala ba Labani. Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, ba Makhadi ankavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita kunyumba ija. Ankakhala pansi, chapatali ndi khonde, khadi lili pamiyendo. Ba Labani ankapitiriza zimene akuchita, kusoka ukonde kapena kunola nkhwangwa, atawafulatira. Ana ankasuzumira pakhomo n'kubwerera. Chaka chachitatu ndinawaperekeza, ndipo ndi tsiku lokhalo limene bamboyo analankhula.

"Ba Labani," anatero mayiwo, "sinifuna kuti munikhululukile. Nipempha dzina chabe."

Ba Labani sanatembenuke. "Dzina munamupatsa ndimwe," anatero. "M/12/2. Lembani lamene ilo."

Pobwerera ndinawauza mayiwo kuti ndingathe kulemba m'dangamo kuti dzina silidziwika, nkhaniyo ithe. Anaima panjira, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinawaonanso ba Makhadi akale, maso ali psu. Anati ndikalembamo kanthu adzandidula chala. Dangalo likhale choncho kuti lizitilasa m'maso tonse awiri. Pa khadi lenilenilo, pansi pa mzere wofiira, anasiya mpata n'kuikamo timadontho ta pensulo. Khadilo sankalibwezera m'kabati. Linkakhala pamwamba, litatsamira kachitini, moyang'anana ndi mpando wawo.

Ba Makhadi anamwalira mwezi wa Malichi, chimanga chili ndi ngayaye. Mtima ndi umene unatopa. Tinawatumiza ku chipatala chachikulu cha ku Mpanshya miyendo itatupa mpaka m'chiuno, ndipo kumeneko anakhala masiku asanu ndi limodzi. Abale awo anawauziratu kuti dzina la Esinati angalipereke kwa amene akufuna, koma wolowayo akapita ku chipatala akanene dzina lake lobadwa nalo, apatsidwe khadi latsopano. Zinachitikadi choncho. Mwana wa mchimwene wawo anabwera pa zenera, ndipo kompyuta inamupatsa nambala yake.

Pamaliro panadzaza anthu, ndipo ambiri polankhula ankayamba ndi kutchula nambala yawo, anthu n'kumaseka misozi ili m'maso. Ba Labani ndinawaona. Anathandiza kukumba manda, koma nthawi ya mapemphero anaima kumbuyo, pafupi ndi njinga, ndipo anachoka anthu asanabalalike.

Patapita sabata anafika pa zenera. Sanali kudwala. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mpando uja, chipewa chili m'manja.

"Lute," anatero. "Dzina lake anali Lute."

Ndinawafunsa kuti abwereze, ndipo anabwereza. Silinali Ireni, silinali Enelesi. Kenako anayang'ana pansi.

"Ninafuna kubauza chaka chino," anatero. "Ninati bakabwela pambuyo pokolola, nizabapatsa mpando, nizabauza. Manje sibanafike pokolola."

Anavala chipewa n'kumapita. Ndinalilemba dzinalo m'kompyuta, m'danga lija, ndipo makinawo analandira mwakachetechete monga amalandirira china chilichonse. Ndinakhala pamenepo ndikumva mkwiyo umene ndinalibe woupatsa. Miyezi iwiri yokha ndi imene inatsala kuti anthu akolole.

Malo a ba Makhadi alipobe monga anawasiyira. Mpando palibe amaukhalira, si chifukwa cha ulemu, koma mwendo umodzi ndi waufupi ndipo iwo okha ndi amene ankadziwa kukhalapo osagwa. Pa thabwa la zenera pali malo awiri osalala pamene zigongono zawo zinkatsamira. Kiyi ali pa msomali, wachita dzimbiri, poti kabati sitiikhomanso. M'ming'alu ya simenti mukadali makoko a nsawawa amene tsache limalephera kuwatulutsa. Odwala akafika amayamba ayang'ana kumpando, kenako ndi pamene amatembenukira kwa ine.

Khadi la M/12/2 lili pamwamba pa kabati, litatsamira kachitini. Tsiku limene ba Labani anabwera, ndinatsitsa cholembera chofiira chija kuti ndilembe dzinalo pa timadontho ta pensulo. Inki inali itauma kalekale. Ndinakanikiza, ndinabwereza, koma cholemberacho chinangokanda pepala. Sindinafune kulemba ndi china. Dzinalo lilipo, zilembo zinayi zopanda mtundu, ndipo ukaima pakhomo kapena pa kompyuta sulionako. Limaoneka m'mawa dzuwa likalowa pa zenera, kwa munthu amene wakhala pa mpando uja.